Masaka Onyowa pa Dilaivu ya a Zuze

A Zuze tinawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo munthu amene anawayamikira kwambiri pamaliropo ndi yemwe uja anawaonongera mbiri. A Jasi, mlamu wawo, amenenso anali wapampando wa sikimu yathu ya mthirira kuno kwa Makhuwira, anaimirira atavala jekete padzuwa loswa mtengo n'kunena kuti sikimu yataya tate wa mapampu. Anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso. Ine ndinakhala pakati pa amayi, ndipo ndinachita kuluma nsonga ya chitenje kuti ndisatukwane pamaliro a eni. Ndikulemba izi mtima ukadali wotentha chomwecho, ndipo sindikupempha aliyense kuti auziziritse.

Ndine mmodzi mwa oyendetsa pampu ya sikimuyi, ndipo ntchitoyi anandiphunzitsa ndi a Zuze. Nyumba ya pampuyo ili m'mbali mwa Shire. M'katimo muli mota yaikulu imene imazunguza pampu, ndipo pambali pake pali bokosi lachitsulo lalitali kufika m'khosi mwa munthu, lomwe timalitcha dilaivu. Dilaivu ndi imene imalamula mota kuti ithamange kapena iyende pang'onopang'ono malinga ndi madzi amene akufunika mu ngalande. Ili ndi kagalasi kolemba mawu. China chikayamba kuvuta, imachenjeza ndi kagetsi kwinaku ikugwirabe ntchito. Chikafika poipa imaimitsa mota, ife timati yatiripa, ndipo belu la padenga limalira mpaka kumveka kumudzi. Ikaima dilaivu, madzi aima, ndipo kuno madzi akaima m'chilimwe ndiye kuti chakudya chaima.

A Zuze anabadwira ku Mozambiki n'kuwoloka ali mnyamata nthawi ya nkhondo ya kwawoko. Za magetsi anaziphunzira ku esiteti ya nzimbe tsidya lija la Shire, komwe anameretsera imvi akulowa m'nyumba za mapampu. Atapuma ntchito kumeneko, sikimu yathu inali itangolandira pampu yaikuluyi ndi dilaivu yake, ndipo alimi anawapempha kuti aziyang'anira. Anavomera, koma anayamba auza komiti kuti m'nyumba imeneyo wapampando ndi iwo.

Musaganize kuti anali nkhalamba yofatsa. Anali wamfupi, wa khosi lolimba, wodzimva, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Chichewa chikawachepera pokalipa ankatembenukira ku Chisena, ndipo pamenepo ngakhale agalu ankasuntha. Chipongwe sankachiiwala. Munthu amene anawaseka ali wachinyamata ankatha kumukumbutsa ali ndi zidzukulu, malo ake ndi malaya amene anavala tsikulo. Ine ndemwe anandiliritsapo kangapo, ndipo ndinkawakonda chomwecho.

Belu likalira, tonsefe chala chinkathamangira ku batani loliseta, lofufuta cholakwa kuti mota idzukenso. A Zuze ankatimenya padzanja. Ankati dilaivu ikaima imakhala itanena kale chifukwa chake, ndipo amene wadina batanilo asanawerenge pagalasi ali ngati mayi wotseka pakamwa mwana amene akuloza pomupweteka. Choncho tinkayamba tawerenga. Ikalemba kuti mota ikukoka magetsi ochuluka, ankatituma kukaona ngati pampu yaluma chipika kapena mchenga. Ikalemba kuti mota ikuzungulira mopepuka, ndiye kuti namasupuni watseka polowera madzi kumtsinje. Ikadandaula kuti magetsi afooka, ankatiuza kuti tikhale pansi, vutolo si lathu, tidikire. Ikati waya mmodzi mwa atatu aja sakubweretsa moto, ankafunafuna pamene pakhwefuka. Nthawi zambiri, ankatero, dilaivu imakhala yosalakwa, imangonena za mnzake amene walakwa.

Polowa m'nyumbamo ankayamba ndi mphuno. Ankaima pakhomo n'kununkhiza, chifukwa waya amene wayamba kupsa amamveka fungo asanaoneke. Kenako ankagunda mota ndi kuseri kwa dzanja, n'kutchera khutu. Akafuna kutsegula bokosilo ankathimitsa swichi yaikulu, kuikhoma ndi loko wawo amene kiyi wake ankakhala pachingwe m'khosi, n'kukakhala panja kumadya masau. Anthu odutsa ankati nkhalambayo ndi yaulesi. Iwo ankati dilaivu imasunga moto m'mimba ngakhale waithimitsa, ndipo wolowetsa dzanja mothamanga amakathamangira kumanda. Akabwerera ankayeza kaye ndi mita yawo asanakhudze kalikonse. Tsiku lina anapezamo nalimata atapserera pakati pa mawaya awiri, ndipo anayenda naye m'thumba sabata yonse kuonetsa aliyense amene ankamuganizira kuti anasiya chitseko cha bokosi chili pululu.

Amene analawa mkwiyo wawo kuposa tonse ndi a Meki, mnzanga wapantchito, bambo wa ana ake kale. Tsiku lina a Zuze ali kunyumba anamva belu likulira, kusiya, kuliranso, kusiya, ndipo anadziwa kuti wina akungodina batani. Anabwera pa njinga akutukwana njira yonse. Anapeza kuti namasupuni watseka polowera madzi, pampu ikuzungulira youma. Anawalowetsa a Meki m'madzi masana dzuwa lili paliwombo kuti akachotse ndi manja, iwo ataima pamtunda ndi nsungwi kuyang'anira ng'ona, kwinaku akuuza amayi ochapa zimene bambo wamkuluyo wachita. A Meki anamuchotsa namasupuniyo. Chipongwecho anangochisunga mumtima.

Panali ntchito imodzi imene a Zuze sankalola wina kuigwira. Dilaivu imapuma mpweya kudzera m'tinsalu tosefa fumbi, ndipo kuno tinsaluti timada msanga ndi fumbi komanso phulusa louluka akamatentha nzimbe tsidya lija. Iwo ankatichotsa, kutichapa m'beseni ndi sopo, n'kutiyanika panthambi ya nimu. Asanatibwezeretse ankatigunditsa patsaya kuti amve ngati tauma. Mudzi wonse unkawaona akuchita zimenezi, ndipo anthu ankawaseka kuti amachapira chitsulo zovala.

Ndiye kunabwera chaka chija cha kutentha. Mu Okutobala mphepo yeniyeniyo inkaotcha kumaso, ndipo chimanga cha mthirira chinali chikumasula, nthawi imene chimafuna madzi kwambiri. Dzuwa likangokwera, dilaivu inkayamba kuchenjeza kuti yatentha, kenako n'kutiripa. A Zuze atatsegula anapeza kuti imodzi mwa mafani oziziritsa m'katimo yafa. Ina inayenera kuchokera ku Blantyre, ndipo sinali yobwera mawa. Podikira, anachepetsa liwiro la mota n'kulamula kuti pampu izigwira m'mawa ndi madzulo okha. Madzi anachepa. Minda ya kumtunda kwa ngalande inkamwa, ya kumunsi inkangomva fungo. A Jasi minda yawo inali kumunsi, pamodzi ndi ya mabanja ambiri, ena amasiye.

Sindibisa, chimanga chinkafadi. Masamba anali atapindika, ndipo munthu ukadutsa kumunsiko mtima unkakuwawa. A Jasi anabwera ku nyumba ya pampu ndi gulu la alimi kudzapempha kuti pampu igwire tsiku lonse. A Zuze akanatha kuwakhazika pansi n'kuwafotokozera bwino. M'malo mwake anawauza pamaso pa anthu kuti chimanga chikafa amadzala china koma dilaivu ikapsa samadzala, ndiponso kuti wapampando azidziwa za mpando, za magetsi azisiyire amene ali ndi mutu wake. Anthu ena anaseka. A Jasi anaseka nawo, koma ndi mano okha.

Patangopita masiku ochepa, mkulu wawo wa a Zuze anamwalira ku Makhanga. Asananyamuke anachapa tinsalu tija, kutiumitsa, kutibwezeretsa, n'kuwasiyira a Meki lamulo loti asakhudze liwiro. Ine sindinalipo, ndinali kuchipatala kudwazika mayi anga. Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake, pang'onopang'ono, kwa anthu oyankhula akuyang'ana kumbali.

A Jasi anafika ndi masaka a thonje. Kuno aliyense amadziwa ntchito ya saka lonyowa. Timakulunga nalo mtsuko kuti madzi azizire, ogulitsa nsomba amafunditsa nalo dengu popita kumsika, ndipo mwana akatentha thupi timamuika nsalu yonyowa pamphumi. Ndiye iwo anaona chinthu chodandaula kuti chatentha, n'kuchichitira zimene amachitira chilichonse chotentha. Anafunditsa dilaivu masakawo m'mbali ndi pamwamba pomwe, pamene pali mipata yotulukira mpweya, n'kuyamba kuthirapo madzi ndi ndowa. A Meki anakweza liwiro. Choipa kwambiri n'chakuti poyamba zinaoneka ngati zatheka. Pampu inadutsa masana osaima, madzi anafika kumunsi, amayi anaimba nthungululu m'minda, ndipo anthu anayamba kusinthana potunga madzi othira pamasakapo. Amuna ndi akazi, akulu a mpingo omwe, ananyamula ndowa. Kenako masana ena kunamveka kuphulika, utsi n'kutuluka pakhomo, ndipo belu silinalire n'komwe.

A Zuze pobwera kumaliro anapeza pansi posesedwa bwino, popanda saka ngakhale limodzi, ndi dilaivu yakufa. Anaima pakhomo n'kununkhiza monga mwa nthawi zonse. Atatsegula anaona mizere yoyera ya madzi ouma itatsika kuchokera pamwamba mpaka pamene panapsa. Ine ndinali nditangobwera kumene, ndipo ndinatola ulusi wa saka umene unakodwa pa mipata ya pamwamba paja. Ndinawaonetsa. Anauyang'ana nthawi yaitali, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akusowa chotukwana.

Msonkhano wa alimi onse unachitikira pansi pa mitengo ya nimu, pafupi ndi nyumba yosungiramo mbewu. Kunabwera injiniya wochokera ku Blantyre, mayi wachitsikana amene a Zuze anamupatsa ulemu chifukwa anamuona akudikira ndi kuyeza asanakhudze bokosi. Iye ananena zoona zokhazokha: dilaivu yapsa chifukwa munalowa madzi, koma amene anawalowetsa sangamudziwe. Apo a Jasi anaimirira. Sanakuwe, sanaloze chala. Ndi mawu achisoni ngati a mlaliki anati tonse tikudziwa munthu mmodzi yekha amene amabweretsa beseni la madzi pafupi ndi dilaivu. Anati alamu awo anali pa changu cha maliro, mtima uli ku Makhanga, ndipo anabwezeretsa tinsalu tija tisanaume. Anati ukalamba si mlandu, tiwakhululukire, tingowapumitsa ntchito mwaulemu.

Ndinayang'ana a Meki, iwo ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Ndinayang'ana amene ananyamula ndowa, ndipo ankagwedeza mitu kuvomereza. Ndinaimirira ndi ulusi uja m'manja, koma anandikhazika pansi amvekere munthu amene kunalibe asatiuze za kuno. A Zuze anafunsa gulu lonse kuti anathira madzi ndani, ndipo kunangoti zii. Anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuchiika padothi patsogolo pa a Jasi.

"Nkhabe," anatero, kukana m'Chisena. "Sindidzapondamonso m'nyumba imene ija mpaka wothira madzi adzadzitchule yekha, pamalo pano, anthu onsewa akumva."

Chimanga chonse chinauma, cha kumtunda ndi cha kumunsi chomwe. Chaka chimenecho mabanja ambiri anadya nyika, timizu tokumba m'madambo. Ndipo njala ikamaluma, anthu amafuna dzina loti aitchulire. Anasankha la a Zuze. Pachigayo, pamsika, pamjigo, nkhani inali yoti nkhalamba yodzitama ija yatigonetsa ndi njala. Ana amene makolo awo ananyamula ndowa ankawakuwiza akamadutsa pa njinga. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akumenya anzake padzanja chifukwa cha kusasamala anatchuka ndi kusasamala. Zimenezi ndi zimene sindidzamukhululukira aliyense.

Dilaivu yatsopano inabwera patapita nthawi, ndi thandizo la akufuna kwabwino. A Zuze sanapite kukaiona. Munda wawo wa mu sikimu sanausiye, chifukwa wopanda munda alibe mawu pamsonkhano, koma anatseka polowera madzi ndi dongo n'kumadzalamo mapira odikira mvula. Madzi a a Jasi, ankatero, sadzalowa m'munda mwawo. Amene anavutika ndi lumbiro limeneli ndi akazi awo, a Malita, mlongo wawo weniweni wa a Jasi, mayi wosayankhulayankhula. Ankalima dothi louma madzi akudutsa pafupi ndi mapazi awo, pamene anzawo mbali zonse akukolola kawiri pachaka. Sindinawamvepo akudandaula.

Kubwezera kwenikweni kwa a Zuze kunali pamisonkhano. Sanaphonyepo ngakhale umodzi. Sankakhala pabenchi. Ankaima kumapeto kwa mthunzi atatsamira ndodo, osayankhula kanthu pa nkhani za feteleza, za kukonza ngalande kapena za mbuzi zolowa m'minda. Wapampando akafika pofunsa ngati pali zina, ankakweza dzanja n'kudikira mpaka atalozedwa.

"Wapampando, anathira madzi dilaivu ndani?"

Poyamba anthu ankaseka. Kenako ankang'ung'udza kuti nkhalambayo ikutichedwetsa. Zaka zitapita, kuseka kunatha, kung'ung'udza kunatha, kunatsala chete wolemera amene aliyense ankamumva akubwera msonkhano ukamayandikira kumapeto. Ena ankanamizira kukaona ng'ombe kuti asakhalepo. A Jasi nthawi zonse ankayankha kuti nkhaniyo inatsekedwa kale, koma thukuta linkawatsika m'khosi. Anayesa kumatumiza wachiwiri wawo, ndipo a Zuze ankangokweza dzanja n'kunena kuti funso lawo alisungira eni ake. Ine ndinkasangalala kuona zimenezi, sindinama.

Koma mkwiyo wawo sunkasankha. Belu likalira ankakhala pakhonde osagwedezeka, ndipo obwera kudzawapempha nzeru ankawauza kuti akafunse a masaka. Ngakhale ine anandinyanyalira nyengo yathunthu chifukwa chosasiya ntchito, ngati kuti ana anga akanadya lumbiro lawo. Chaka china madzi osefukira atamiza nyumba ya pampu, dilaivu inkangotiripa tikangoyatsa, ikulemba kuti magetsi akuthawira pansi. Mbewu zinali m'nthaka zikudikira. Ndinapita kukagwada pakhonde pawo, koma anandiyankha kuti iwo ndi nkhalamba yosasamala, sadziwa kanthu. Ndinanyamuka ndikulira ndi ukali. Ndisanafike pachipata ndinawamva akuyankhula ndi mbuzi yawo mokweza, akuifotokozera kuti mota imene yagona m'madzi saikakamiza, amaitsegula, kuiumitsa ndi kutentha pang'onopang'ono, n'kuiyeza isanalumikizidwe. Mbuziyo inamvetsera, inenso ndinamvetsera, ndipo pampu inadzuka sabata yomweyo.

Chaka chino miyendo yawo inayamba kutupa, mpweya n'kumawathera. Masana ena ndili pakhonde pawo kuthandiza a Malita kupeta mapira, a Jasi anafika atanyamula nkhuku. Analowa m'nyumba, koma chitseko sichinatsekeke, ndipo ndinamva zonse. A Jasi ananong'oneza a Zuze kuti zija zinachitikadi, kuti ankangofuna kupulumutsa chimanga cha anthu, kuti akhala osapeza mtendere zaka zonsezi. Anapempha kuti akhululukirane, iwo awiri, monga anthu a banja limodzi.

"Alamu, munandivula pagulu," anayankha a Zuze, mawu akutuluka movutika. "Mukandiveke pagulu pomwepo, pansi pa nimu paja. Muno m'chipinda mulibe amene anandiseka."

A Jasi anati anthu adzawathamangitsa pamudzi, ndipo ali ndi zidzukulu. A Zuze anati takhuta chifukwa cha nkhuku, koma aitenge. A Jasi anatuluka nayo ikulira m'khwapa, osatiyang'ana. A Malita anapitiriza kupeta ngati sanamve kanthu.

Pamsonkhano wotsatira a Zuze anachita kukankhidwa panjinga. Anakana benchi, n'kuima pamalo pawo pomwe paja, mwana wawo wamkulu atawagwira mkono. Nthawi itakwana anafunsa funso lawo ndi mawu ochepa kwambiri moti akumbuyo sanamve, ngakhale kuti panalibe wofunika kumva kuti adziwe. Anayang'anizana ndi a Jasi. Ndinaona milomo ya a Jasi ikugwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti tsiku lafika. Koma a Jasi anayang'ana pansi n'kunena kuti nkhaniyo inatsekedwa kale. A Zuze sanaonenso msonkhano wina.

Sabata yathayi tinakumananso pansi pa nimu, koyamba chimwalirire iwo. A Jasi anatiimiritsa kuti tikhale chete pokumbukira malemu, kenako anayendetsa nkhani zonse mopepuka, akuchita ndi nthabwala zomwe. Atafika pofunsa ngati pali zina, mitu yonse inatembenukira kumapeto kwa mthunzi, mmene inazolowerera. Kunalibe munthu. A Jasi anayamba kupinda mapepala awo. Pamenepo a Malita anadzuka pakati pa amayi, atavala zakuda, n'kuima osakweza dzanja.

"Achimwene, masaka aja anali a m'nyumba mwanga," anatero. "Munadzabwereka amuna anga ali ku Makhanga, ndipo munawabweza akununkha utsi. Ndinawakwirira kuseri kwa khola. Amene akufuna akakumbe."

Palibe anapita kukakumba. A Jasi anatola chipewa chawo n'kumapita, akupunthwa pamizu. A Meki anaimirira n'kunena kuti anakweza liwiro ndi iwo. Mkulu wina wa mpingo anati ananyamula ndowa. Wina anatsatira, ndi wina, mpaka zinkamveka ngati akupikisana. Tsopano akuti tisankha wapampando wina, ndipo akufuna kulemba dzina la a Zuze ndi penti pakhoma la nyumba ya pampu. Ena akundiuza kuti ndisangalale poti chilungamo chaoneka. Chaonekera ndani? Anadikira kuti mwini funso akwiriridwe kaye, kenako onse n'kupeza pakamwa.

Ndinali ndi mkwiyo ndi a Malita kuposa onse, ndipo ndinawatsatira kunyumba kukawafunsa kuti anatha bwanji kumuphikira munthu zaka zonsezo yankho lili kuseri kwa khola. Anandiyang'ana ndi maso ouma. Anati a Zuze ankadziwa. Tsiku lomwe anabwera kuchokera ku Makhanga anaona kuti masaka palibe pamene ankakhala, ndipo anaona dothi lokumbidwa kumene kuseri kwa khola. Sanawafunsepo ngakhale kamodzi. Atayesa kuyambitsa nkhaniyo okha, a Zuze anawaletsa, n'kunena kuti sadzatuma mkazi kukapachika mlongo wake, ndipo kuti mawuwo akuwafuna kuchokera pakamwa pamene panatuluka bodza. Mboni anali nayo m'nyumba, ndipo anasankha kufa nalo dzina loipa kusiyana n'kuigwiritsa ntchito. A Jasi mpaka lero sananene kanthu ndi pakamwa pawo. Ndikakumana nawo panjira sindiwapatsa moni, ndipo ndikufuna akhale ndi moyo wautali, azikumana ndi maso a anthu tsiku ndi tsiku.

Popita kuntchito ndimadutsa pansi pa nimu paja. Malo amene a Zuze ankaima ali kumapeto kwenikweni, pamene mthunzi umalekeza dzuwa n'kuyamba. Udzu sunamerepo, dothi lake ndi lolimba gwa, ndipo pali timaenje ting'onoting'ono pamene nsonga ya ndodo inkalowa. Tsiku la msonkhanolo, anthu atatha kuulula, sanadziwe koti ayang'ane. A Meki anapita pamalopo, anavula chipewa, n'kugwada. Ena anawatsatira. Akuluakulu a imvi, amene anaseka ndi amene anagwedeza mitu, anazungulira kadothi kouma kaja akupepesa mmodzimmodzi, ndipo akamaliza aliyense ankakhala kaye chete pang'ono, ngati akudikira kuyankhidwa.